Kapampu ka M'thumba la Adokotala

Ana anga, za ubwana wanga ku Dedza munazimva kambirimbiri, sindizibwereza. Nditengepo chimodzi chokha, chifukwa popanda icho zimene ndikulemba pano sizingamveke. Nditangoyamba kusintha mawu, chifuwa changa chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Mayi anga atauzidwa kuti ndi mphumu anandikokera m'nyumba nati, "Izi zithere muno. Ukaulula, ntchito sudzaipeza, mkazi sudzamupeza, ndipo alongo akowa udzawatsekera makomo." Ndinawamvera, mwina mopitirira muyezo. Kusukulu yophunzira zachipatala palibe anadziwa, ndipo mayi anu ndinawauza titabereka kale Esinati, mwana wathu woyamba.

1994

Ndinafika pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo mu 1994, nditagwirako zaka zingapo pa chipatala chaching'ono cha boma. Chinandikopa ndi nyumba yamalata yokhala ndi mpope pakhomo, musaganize kuti ndinali ndi zifukwa zina zakuya. Kachipatala kake kanali ka zipinda zitatu ndi khonde lalitali, pamtunda, moyang'anana ndi fakitale. Maphunziro anga anali a wothandizira dokotala, koma kumalayini, kumene kumakhala antchito, aliyense ankangoti adokotala. Ine sindinkawakonza, poti kutamandidwa kumakoma.

Bwana wanga anali a Msiska, woyang'anira antchito, munthu wamtali wochokera kumpoto amene sankakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandiuza ali chiimire kuti, "Adokotala, tiyi safuna munthu wodwaladwala. Mvula ikagwa timalemba othyola masamba ambiri, ndipo inu muziwayeza. Wa chifuwa cholira muzimubweza. M'mawa m'munda mumakhala mame ndi chisanu, munthu akagwera m'mizere oyankha ndife." Ndinati, "Ndamva, bwana." Nthawi imeneyo n'kuti m'sokosi mwanga muli kapampu kopopera mankhwala m'kamwa, kaja achipatala timati inhela. Ndinkakagula ku Limbe, m'sitolo ya mankhwala imene munalibe wondidziwa.

Ndiye mwezi wa Disembala uliwonse anthu ankandanda pakhonde, ena ochokera kwa Changata, ena ku Khonjeni, ena kutsidya kwa malire. Ine ndinkayika choyezera pamsana pa munthu n'kumuuza kuti apume kwambiri. Nthawi zina ndinkamva kulira kuja, kofanana ndendende ndi kwanga. Ndinkachotsa choyezera m'makutu n'kunena kuti, "Pitani mukapezeko bwino, mudzayesenso chaka chamawa." Munthu ankavala malaya ake n'kutsika khonde. Mzere ukatha ndinkalowa m'chipinda chosungiramo mankhwala, n'kutseka chitseko, n'kupopera kwanga. Manyazi amene ndinkachita m'chipinda chimenecho sindinawazolowere, ngakhale chaka chimodzi.

Zaka zimenezo odwala mphumu amene ndinkawalandira anali akuluakulu, makamaka ogwira m'chipinda chosefera tiyi m'fakitale, mmene fumbi lake limalowa ngakhale m'makutu, komanso madala osuta chingambwe. Anyamata ndi atsikana ankabwera ndi malungo, mphere, zilonda za m'miyendo, ena mimba zosayembekezera. Wachinyamata wa mphumu anali wosowa moti ndinkamukumbukira nkhope chaka chonse.

1999 mpaka 2003

Sindingaloze mwezi umene zinthu zinatembenuka. Ndinangozindikira kuti pabenchi pakukhala mayunifomu a sukulu ambiri kuposa kale. Choyamba chinali chimfine chosatha. Mwana ankafika akuyetsemula motsatizana, mamina a madzimadzi ali chuu, maso ofiira chifukwa chotikita, koma thupi losatentha. Amayi ake ankati, "Adokotala, chimfine chanji chopanda nyengo? Dzinja ali nacho, chilimwe ali nacho." Kenaka ena mwa ana omwewo anayamba kubwera akubanika, makamaka miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni akaphimba mapiri kwa masiku. Ena ankabanika mu Okutobala, fumbi likachuluka.

Chifukwa chake sindikuchidziwa mpaka lero, ndipo musadzamve wina akunena kuti bambo anu anachipeza. Ndinkaganizira za makalasi, amene anadzaza thothotho sukulu itakhala yaulere, ana akusesa fumbi m'mawa uliwonse popanda kuwaza madzi. Ndinkaganizira za mbaula zamakala zimene anthu anayamba kugona nazo m'nyumba zotseka mazenera, ndi mabulangete a kaunjika amene ankafundidwa osachapidwa. Mayi anu ankati ndi mafuta odzola a masiku ano. A Msiska anali ndi yankho lawo lachidule. "Ana aulesi awo. Akuthawa masamu," anatero. Ndinawayankha kuti masamu sangalize chifuwa cha munthu, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali asanaseke.

Mankhwala ndiwo anali mutu wowawa. Tinali ndi timapiritsi tonjenjemeretsa manja ndi jakisoni wa mumtsempha, amene anthu ankamukonda ngati m'bale wawo. Zonsezi zinkatha mwezi usanafike pakati. Chaka cha njala cha 2002 ndiye kunalibe wolankhula za chifuwa, tonse maso anali pa ana otupa miyendo. Njala itadutsa ndinayamba kuwavutitsa a Msiska kuti atigulire mapampu. Ndinawauza kuti mwana akakhala ndi kake sangamathamangitsidwe kuchipatala nthawi zonse, ndipo amayi ake sangamajombe kumunda. Mfundo ya kujombayo ndi imene inawalowa. Mu 2003 katoni ya mapampu inafika, ine n'kuisenza ndekha kuchokera ku ofesi, ndikuyenda monyada ngati ndapha nyama.

Palibe anakafuna. Kumalayini kunali nkhani yakuti kalaliki wina wa kale ankayenda ndi kapampu, ndipo anafa kali m'manja. Ndiye anthu ankati kapampu ndi ka munthu amene achipatala amutaya. Ankati kamayanika mapapo, ukakayamba sungakasiye. Ankatinso mtsikana akaonedwa nako ndiye kuti ukwati sadzaupeza, chifukwa ndani angalowe m'mtundu wa mphumu? Ndinkafotokoza mpaka malovu kuuma, mayi n'kumvetsera mwaulemu, pomaliza n'kunena kuti, "Zikomo adokotala, koma mungomubaya." Katoni inakhala pa shelefu ikutola fumbi. Ine, munthu amene kapampu kanamusunga zaka zonsezi, ndinkabaya jakisoni kukamwa kuli chete, kanga kali m'thumba la gawuni. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ine ndinkaona kuti anga akufuna kupha ana a eni.

2005

Mwa ana onsewo, amene ankabwera pafupipafupi anali Felesiya, mtsikana wa Sitandade 8, mwana wa mayi wina wothyola masamba. Anali wowonda, wanzeru, wokonda kufunsa dzina la mankhwala alionse. Chaka chapitacho analephera kulemba mayeso chifukwa chobanika, ndiye ankabwereza kalasi. Amayi ake anali atayamba kufewa pa za kapampu, koma kuno mwana ndi wa atsibweni, mlongo wa amayi ake. Atsibweni a Felesiya anali a Namakhwa, kapitawo wa gulu la othyola, munthu woopedwa ngakhale ndi agalu a kumalayini. Iwo anati m'mbumba mwawo simudzalowa chinthu chimenecho iwo ali moyo.

Chaka chomwecho kwathu kunali chimwemwe. Esinati anali atapeza mnyamata, mphunzitsi wa kwa Nchilamwela, ndipo chinkhoswe chinali chitapanganidwa kuti chidzachitike mu Ogasiti. Tsiku lina ndikudya ndinawauza mayi anu kuti mwina Felesiya angapulumuke ine nditawaonetsa a Namakhwa kapampu kanga. Anaika mbale pansi. "Bambo a Esinati, mwapirira zaka zonsezi, mukalephere miyezi iwiri? Mukaulula mwapha ukwati wa mwana. Anthu a kuno mukuwadziwa." Sanalakwe. Ndinawalonjeza kuti ndikhala chete mpaka chinkhoswe chidutse.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina mu Julaye, chiperoni ali pakati, khonde litadzaza odwala ofunda zitenje, ndinaona njinga ikukankhidwa kukwera mtunda. Felesiya anali pa kaliyala, amayi ake atamugwira kumbuyo, a Namakhwa akukankha. Atamukhazika pabenchi ndinaona kuti lero si masewera. Mapewa ankakwera ndi kutsika, milomo inali itayamba kuda, ndipo sankatha kumaliza liwu limodzi. Jakisoni anali atatha sabata yapitayo. Galimoto ya odwala inali itapita ku boma ndi mayi wina wovutika pobereka. Chimene ndinali nacho ndi katoni ya pa shelefu ija.

Ndinatenga kapampu katsopano ndi botolo lapulasitiki limene ndinaliboola kumunsi, loti mwana wobanika azikokeramo mankhwala pang'onopang'ono. Ndikutuluka nazo, a Namakhwa anaima pakati pa ine ndi mtsikanayo.

"Adokotala, zimenezo ayi. Mubayeni."

"Jakisoni kulibe, a Namakhwa. Anatha."

"Nde tidikira galimoto."

"Galimoto ibwera madzulo. Mwanayu safika madzulo."

"Inu mukufuna mumutsirize ndi ka mpopeko eti? Ifetu tinaona ndi maso kalaliki uja." Anatembenukira kwa anthu a pabenchi ngati ali pa msonkhano. "Tandiuzani anthuni, alipo amene anapopera zimenezi n'kukhala moyo? Adokotala, tandionetsani mmodzi yekha. Mmodzi basi, ine ndichoka apa."

Amayi a Felesiya anagwada, akulankhula ndi achimwene awo m'Chilomwe, koma iwo sanawayang'ane. Ine ndinaima pamenepo botolo lili m'manja. Ndinaganiza za Esinati, amene masiku amenewo ankangokhalira kuimba posita zovala. Ndinaganiza za a Msiska. Ndikuuzeni zoona, ana anga, ndinaganizanso za nkhope yanga, mwina kuposa zina zonsezo. Mtsikanayo anandiyang'ana, maso atatuluka, akukoka mpweya umene sunkalowa. Kubanika kumeneko ndinkakudziwa m'thupi mwanga, osati m'buku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinapisa m'thumba la gawuni n'kutulutsa kanga. Kanali kakale, kofufuma, zilembo zake zitafufutika ndi thukuta. Ndinakagwedeza, n'kukaika m'kamwa, n'kupopera anthu onse akuona. Nditatulutsa mpweya ndinati, "Mmodziyo ndine. Ndili ndi mphumu kuyambira ndili msinkhu wa mwanayu. Kapampu ndinakayamba ndisanafike pa esiteti pano. Mukuona ngati ndafa?"

A Namakhwa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anasuntha phazi limodzi. Sindinadikire lachiwiri. Ndinagwada, n'kuika kukamwa kwa botolo pamilomo ya Felesiya, n'kuyamba kupopera ndikumuwerengera mpweya. Tinabwereza kangapo. Pang'onopang'ono mapewa anayamba kutsika, milomo inayamba kubwerera mtundu wake, kenaka anatsokomola nati, "Kakuwawa kukhosi." Amayi ake analira.

Mungaganize kuti ndinadzuka pamenepo ndikumva ngati ngwazi. Ayi. Ndikudzuka, bambo wina amene anakhala kumapeto kwa benchi, atabwera ndi mwana wa malungo, analankhula modekha. "Adokotala, pepani ndifunse nawo. Si inu munandibweza ine chaka cha njala chija, kuti chifuwa changa chikulira?" Ndinamuyang'ana ndipo nkhope yake sindinaikumbuke, chimene chinandiwawa koposa. Ndinati, "Ndine." Iye anagwedeza mutu nati, "Oho. Ndimati mwina ndasokoneza." Ndinalowa m'chipinda choyezera n'kuitana wodwala wotsatira, koma tsiku lonselo sindinathe kuyang'ana munthu m'maso.

Pofika nthawi ya sikelo, pamene othyola amayezetsa masamba awo, nkhani inali m'kamwam'kamwa. M'mawa mwake a Msiska anandiitanitsa. Ndinapita nditakonzeka kumva kuti ndilongedze. Anandifunsa kuti, "Zaka zonsezi, adokotala?" Ndinavomera. "Munajombapo chifukwa cha chifuwacho?" Ndinati sindinajombepo. Anayang'ana pazenera, nati, "Ndiye amene tinkawabwezawo tinkawabwezeranji?" Ntchito sanandichotse. Lamulo lobweza anthu silinafafanizidwe tsiku limenelo, koma Disembala wotsatira anandiuza kuti wa chifuwa cholira ndizimupatsa mankhwala kaye, akapeza bwino alembedwe.

Kumalayini dzina langa linasintha. Ana ankandikuwa ndikamadutsa kuti a Pampu, ndipo azimayi ena ankabisa kuseka m'zitenje. Kutchalitchi mkulu wina wa mpingo anandipatsa moni wa kutali, ngati mphumu imalumphira m'manja. Koma katoni ija inatha mwezi usanathe. Anyamata ndi atsikana anayamba kubwera okha, ena amene sindinawaonepo, akunena kuti akhala akubanika zaka ziwiri, zitatu, akumwa mizu kunyumba. Mpaka pamene ndinapuma ntchito mu 2009 ankangochulukirachulukira. Anzanga a zipatala zina akandifunsa ngati mphumu ikukula pakati pa achinyamata, ndinkati ikukula ndithu, maso anga anaona, koma sindingathe kusiyanitsa amene anayamba kudwala ndi amene anangosiya kubisala. Felesiya analemba mayeso ake kapampu kali pa desiki.

Ogasiti ndi Seputembala 2005

Zimene mayi anu ananena zinachitika. Kutatsala masiku ochepa kuti chinkhoswe chichitike, ankhoswe a mnyamata uja anabwera awiri, atavala majekete. Analankhula mozungulira, za mvula, za mitengo ya feteleza, kenaka wamkuluyo anati, "Tamva kuti pakhomo pano pali kachifuwa. Ife sitikukana mwana wanu ayi, ndi mwana wabwino. Koma zamtunduzi zimatsata magazi, ndiye akumudzi ati tiyambe taganiza kaye." Ndinawauza kuti ana anga onse ndi a bwinobwino, palibe amene anatengera. Ndinalankhula motsimikiza, monga dokotala komanso monga bambo. Anathokoza, namwa tiyi wawo, napita. Sanabwerenso, ndipo mnyamatayo anapempha kusamutsidwa sukulu.

M'nyumba mwathu munalowa chisanu. Mayi anu sanandinene, ndipo ndikanakonda akanandinena. Esinati anasiya kuimba. Ankandipatsa madzi osamba, n'kundigwadira, n'kuchoka. Ine ndinkafuna kumupepesa, koma ndikatsegula pakamwa mawu ankathawa. Ndinali nditaima pamaso pa khonde lonse, koma mwana wanga yemwe ndinkamuopa.

Tsiku lina mu Seputembala, kutayamba kutentha, ndinasuzumira pakhonde kuti ndione otsala, ndipo ndinaona Esinati atakhala pabenchi pakati pa odwala, atapinda manja. Ndinati lero wabwera kudzandiyankhula zimene wakhala akusunga, ndipo wasankha malo amene sindingathawe. Ndinamukodola kuti alowe, koma anapukusa mutu n'kuloza amene anali patsogolo pake. Anadikira mpaka nthawi yake itakwana. Atalowa anatseka chitseko n'kukhala pa mpando wa odwala.

Ndinayamba ndine. "Mwana wanga, ndinakulakwira. Ukwati wako..."

"Ababa, sindinabwerere zimenezo," anatero. "Mundiyeze."

"Ukumva chiyani?"

"Mungondiyeza."

Ndinaika choyezera pamsana pake, n'kumuuza kuti apume kwambiri. Sindinafunike kusuntha dzanja. Kunali kulira kuja, mbali zonse ziwiri, ndipo sikunali kwa dzulo kapena dzana.

"Zinayamba liti?"

"Ndili Fomu 2, ku sukulu yogonera konko. Zikandigwira ndinkauza amatroni kuti ndi chimfine. Patchuthi ndinkatuluka m'nyumba kuti musamve."

"Bwanji sunandiuze? Ine ndili pano, mankhwala ali pano."

Anayang'ana pansi. "Ndinkaopa kukuchititsani manyazi. Mwana wa adokotala, mphumu. Ndinkati anthu azikusekani, mwinanso kukuchotsani ntchito. Sindinkadziwa kuti inunso muli nayo."

Ndinakhala pansi, choyezera chikulendewera m'khosi. Zaka zonsezo m'nyumba imodzi munali anthu awiri obanika, aliyense akubisira mnzake, ndipo wamng'onoyo ankabanika popanda mankhwala kuti ateteze nkhope ya wamkuluyo. Ankhoswe aja ndinawauza molimba mtima kuti ana anga onse ndi a bwinobwino. Manyazi a pakhonde aja anali ochepa poyerekeza ndi awa.

Ndinadzuka, n'kutenga kapampu katsopano m'katoni ina imene inali itangofika. Ndikukatsegula, chotsekera chake chinagwa pansi. Esinati anachitola, nachipukuta ndi chitenje, natenga kapampuko m'manja mwanga n'kukayang'ana uku ndi uku.

"Ndionetseni, ababa," anatero. "Mumayamba ndi kupuma, kapena kupopera?"